Mawu Amene Abednego Anafufuta

Abednego Kalumbu anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Nathenje, kumene minibasi sizifika. Mayi ake anamwalira iye ali sitandade folo, ndipo anatengedwa ndi mayi ake aakulu, a Anna, ndi amuna awo a Maliko. Pakhomopo panali patatsala mwana mmodzi wamkazi, Pemphero, wamkulu kwa Abednego ndi zaka ziwiri. Awiriwa anakula ngati a mimba imodzi, kulimbirana khasu lopepuka ndi kunenezana mbuzi zikalowa m'dimba.

A Maliko anali mlimi wa fodya, ndipo Lamulungu ankatsogolera kwaya kutchalitchi. Anali ndi mawu aakulu, a besi, oti akamaimba posoka fodya m'chigafa anthu odutsa panjira ankachepetsa liwiro. Sukulu analekezera sitandade sikisi, koma makope a Abednego ankawaona tsamba ndi tsamba, kuwerenga zochonga za aphunzitsi.

Abednego anali ndi mutu wa masamu. Mayeso a folomu folo anakhoza kuposa onse pasukulu yoyendera ya kwawo, ndipo mphunzitsi wamkulu anamulangiza kuti asankhe maphunziro a makompyuta, poti ntchito za masiku ano zili kumeneko. Dzina lake linatuluka, anasankhidwa kupita kuyunivesite ku Blantyre. Chomwe palibe anachiganizira n'chakuti Abednego anali asanakhudzepo kompyuta. Kusukulu kwawo kunali makompyuta atatu ofunditsidwa zitenje mu ofesi, kudikira magetsi amene sanabwere.

Tsiku loyamba m'chipinda cha makompyuta, mphunzitsi anangoti aliyense ayatse yake. Abednego anadina kabatani ka pagalasi kangapo konse, koma panangoyaka kanyale kofiira. Mtsikana wa mpango wobiriwira amene anakhala pambali pake anawerama ngati akukonza nsapato, n'kudina batani la bokosi lomwe linali pansi pa tebulo.

"Imayakira apa," ananong'ona. "Musadandaule, palibe waona."

Ameneyu anali Shifa, mwana wa a Wahabu a sitolo ya zipangizo zomangira pa Mitundu, yemwe anakula akulembera bambo ake makalata pa laputopu. Atamva kuti Abednego ndi wa ku Nathenje anakondwa kuti wapeza wakwawo. Koma Abednego anamuzemba milungu itatu yathunthu, chifukwa akangomuona ankakumbukira batani lija.

Chaka choyamba chinamuwawa. Masamu ankakhoza, koma kulemba mapulogalamu kunamukanika. Anzake akamamaliza ntchito, iye anali akusakabe zilembo ndi chala chimodzi. Mayeso a phunzirolo analephera, anachita kulembanso. Kumudzi sanauze munthu, poti kumeneko anali atayamba kale kumutchula kuti a injiniya.

M'chaka chomwecho a Maliko anadwala, nagonekedwa ku Nkhoma mwezi wathunthu, ndipo anamwalirira konko. Ali m'chipatala anapempha Pemphero kuti awaphunzitse kujambula mawu pa foni yawo. Anajambula mauthenga khumi ndi umodzi. Mu umodzi ankafotokoza mmene angafesere nazale ya fodya iwo kulibe. Mu wina ankaimba nyimbo imene anaimba tsiku la ukwati wawo, mpweya ukuwathera pakati. Ina inali yongocheza, kuwaseka akazi awo kuti amathira mchere wambiri m'ndiwo. Maliro atatha, a Anna anazolowera kuti akaweruka kumunda azikhala pakhonde n'kumvera uthenga umodzi. Nthawi zina ankayankha.

Abednego atabwera kutchuthi cha kumapeto kwa chaka, anapeza foniyo ikuvuta. Inkachedwa kutseguka, ndipo akadina mauthenga aja inkangouma. A Anna anali ataisunga m'kansalu milungu iwiri kudikira iyeyo.

"Pemphero amati tipite nayo kwa okonza mafoni pa Nathenje," anatero. "Ine ndinakana. Ndipereke mawu a bambo anu kwa mlendo, injiniya ndili naye pakhomo?"

Anali masana, ndipo pakhondepo panali amayi awiri a kwaya omwe anabwera kudzacheza. Onse anasendera pafupi kuti aone. Abednego analandira foniyo ndi manja awiri, akudziwa mumtima kuti kusukulu sanaphunzirepo chilichonse chokhudza kukonza foni. Akanatha kungonena zimenezo. Koma amayi aja ankamuyang'ana ngati dokotala, ndipo mmodzi anali atanena kale kuti mawa abweretsa wailesi yake.

Anatsegula apa, anatsegula apo, mpaka anafika pamalo polembedwa kuti foni ibwerere mmene inalili ili yatsopano. Anakumbukira kuti mnzake wina wa kuhositelo ananenapo kuti zimenezi zimathetsa mavuto onse. Atadina, foni inamuchenjeza m'Chingerezi kuti deta yonse ifufutika. Mawu akuti deta anali atawamva m'kalasi kambirimbiri, koma panthawiyo m'mutu mwake munabwera tanthauzo limene aliyense kumudzi amalidziwa.

"Mayi, muli bandulo yambiri m'fonimu?"

"Bandulo ya chiyani? Ine za intanetizo sindizidziwa."

"Basi palibe chovuta," anatero Abednego, n'kudina.

Foni inazima, n'kuyakanso patapita mphindi zingapo, yopepuka ngati yochokera kusitolo. Amayi aja anawomba m'manja. A Anna anaimba nthungululu, n'kunena kuti awatsegulire uthenga wa nyimbo uja kuti anzawo amve.

Abednego anasaka. Anabwerera, n'kusakanso. Munalibe mawu, munalibe zithunzi, ngakhale manambala a anthu. A Anna atafunsa kachitatu, iye anakweza maso, ndipo bodza linangotuluka lokha.

"Munalowa vairasi, mayi. Inali itadya kale zonse ndisanaigwire."

"Vairasi imalowa bwanji?"

"Imabwera ndi nyimbo zimene anthu amathira m'foni. Makanema, zinthu ngati zimenezo."

Sanatchule dzina, koma aliyense pakhondepo ankadziwa kuti amene ankabwereka foniyo n'kukathiritsa nyimbo pa Nathenje ndi Pemphero. Iye anali ataima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja. A Anna anatembenuka n'kumuyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Bambo ako wawaika m'manda kawiri," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Pemphero anachokapo. Analira kuseri kwa nkhokwe, ndipo Abednego ankamumva ali chikhalire pakhonde ndi foni yopanda kanthu. Tchuthi chonsecho mayi ndi mwana ankalankhulana zokhazo zofunika, za madzi ndi nkhuni. Miyezi inayi itadutsa, Pemphero anasamukira ku Mitundu kukaphunzira utelala kwa mnzake wa kutchalitchi, ndipo sankabwera kumudzi kawirikawiri.

Kusukulu zinthu zinayamba kumuyendera Abednego m'chaka chachiwiri. Zala zinazolowera, ndipo analeka kumuthawa Shifa, moti ankawerengera limodzi. Tsiku lina mphunzitsi wina ankaphunzitsa za kasungidwe ka zinthu m'kompyuta. Anati lamulo loyamba la aliyense wogwira makina a munthu wina ndi kukopera kaye zonse kwina asanasinthe kanthu. Anaonjeza moseka kuti foni ikadzaza imayamba ulesi, ndipo mankhwala ake ndi kungochotsamo zinyalala, ntchito ya mphindi zisanu. Kalasi inaseka, koma Abednego anatuluka phunziro lisanathe, n'kukaima kuseri kwa laibulale.

Shifa anamupeza pomwepo. Abednego anayamba ndi kufunsa ngati za munthu wina.

"Foni ikafufutidwa yonse, zinthu zake zingabwezedwe?"

"Mafoni a masiku ano? Ayi. Zikapita zapita. Ndi ya ndani?"

Anamufotokozera zonse, kuyambira pa bandulo mpaka pa Pemphero. Shifa sanaseke za banduloyo, ngakhale Abednego ankayembekezera kuti aseka.

"Kufufutako ndi ngozi, aliyense angachite," anatero. "Koma achemwali anuwo ndimawaona. Makina awo ali pakhonde loyang'anana ndi sitolo ya bambo anga. Miyezi yonseyi akudziona ngati olakwa, inu muli chete?"

Abednego sanapite nthawi yomweyo. Tchuthi chotsatira anakhala ku Blantyre, n'kunamizira kuti ali ndi ntchito ya kusukulu. Anapita kumudzi mu Epulo, nthawi yosankha fodya. Anapeza a Anna ali m'chigafa, atayala masamba pamphasa, akupatula ofiira ndi akuda. Anakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza, ndipo anamanga timitolo tisanu asanatsegule pakamwa.

"Mayi, mawu a bambo aja sanadyedwe ndi vairasi. Ndinafufuta ndine. Sindinkadziwa zomwe ndimachita, ndipo ndinachita manyazi kunena. Achemwali sanalakwe chilichonse."

A Anna anapitiriza kusalaza tsamba lomwe linali pabondo pawo, mpaka linang'ambika.

"Unkadziwa tsiku lomwelo?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye unakhala pakhonde paja, ine ndikumunena mwana wanga mawu aja, iwe uli phee?"

"Inde, mayi."

A Anna anaika tsamba lija pambali. Atayankhulanso sanakweze mawu.

"Ukanati sukudziwa, ndikanakumenya? Bambo ako aakulu ankalephera kuwerenga kalata ya ku okushoni, ankapita nayo kwa aphunzitsi masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Nyamuka. Mawa usadye pakhomo pano usanakaonane ndi Pemphero."

Abednego anadzuka m'mamawa n'kupalasa njinga pamsewu wafumbi wopita ku Mitundu. Linali tsiku la msika, ndipo anamupeza Pemphero akusoka yunifolomu, makasitomala awiri akudikira pabenchi. Abednego anapempha kuti akalankhulire kuseri.

"Lankhula pompano," anatero Pemphero. "Ndili ndi ntchito."

Analankhula pomwepo, pamaso pa anthu osawadziwa. Makina anaima. Pemphero anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ukudziwa kuti ndinasiya kumvera nyimbo pa foni? Chaka chonse. Ndikamva nyimbo ndinkaona nkhope ya amayi." Anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala posoka. "Ndine ndinawagwirira foni ija m'chipatala pamene manja awo ankanjenjemera. Ine ndemwe. Ndiye iwe ndi sukulu yakoyo..."

Sanamalize. Anaponda makina n'kupitiriza kusoka. Abednego anaima pamenepo mpaka mmodzi wa makasitomala aja anamuuza mwaulemu kuti akutchinga kuwala.

Loweruka lotsatira Pemphero anapita kumudzi. Zomwe anakambirana ndi mayi ake Abednego sakuzidziwa, chifukwa anamutuma kuchigayo, ndipo pobwera anapeza awiriwo akusenda mtedza pamphasa imodzi, maso ali ofiira.

Masiku otsala a tchuthicho Abednego anawathera poyenda khomo ndi khomo kwa anthu a kwaya, kufunsa ngati wina anajambulapo a Maliko. Ambiri mafoni awo anali atasintha kale. Pomaliza, mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Diamphwe, a Yona, anapezeka ndi kanema wa mphindi zitatu wa msonkhano wa makwaya, wojambulidwa patali, mphepo ikusokosa. A Maliko akuoneka msana wokha, akukweza dzanja kutsogolo kwa anthu makumi awiri. Abednego anakopera kanemayo malo anayi osiyana asanapite naye kwa a Anna. Iwo anamvetsera kawiri, foni ataigunditsa kukhutu, n'kunena kuti besi ya amuna awo akuimva bwinobwino. Abednego wamvetsera kanemayo kambirimbiri, koma sanathe kuipatula pa mawu a enawo. Nyimbo ya ukwati ija, ndi nthabwala za mchere, sizinapezekenso kulikonse.

Anamaliza digiri yake m'zaka zisanu m'malo mwa zinayi. Pamwambo wolandira satifiketi a Anna anapita, atavala chitenje chatsopano. Pemphero anatumiza malaya amene anamusokera yekha, koma iye sanapite, anati ntchito yachuluka.

Lero Abednego amayang'anira makompyuta pa bungwe lina la alimi mu Lilongwe, ndipo Loweruka lililonse amaphunzitsa ana a folomu folo pasukulu yake yakale, kumene magetsi a sola anafika chaka chatha. Shifa ali ku Mzuzu, amalemba mapulogalamu a mabanki, ndipo amaimbirana ndi Abednego mwa apo ndi apo. Abednego ndi Pemphero amacheza, amaseka, ndipo mwana woyamba wa Pemphero amamunyamula akapita ku Mitundu. Koma nkhani ya foni ija sanaikambenso, ndipo Abednego akadutsa pabenchi ya makasitomala ija amayendabe mofulumira, maso ali pansi. Mwezi watha Pemphero anamuuza kuti akufuna kugula makina osokera amagetsi, ndipo anamupempha kuti amuperekeze kutauni akasankhe limodzi. Anagwirizana zopita kumapeto kwa mwezi uno, fodya wa a Anna akachoka m'chigafa.