Amayi Perpetua Njobvu ndi Ana a ku Yunivesite

Amayi Perpetua Njobvu, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Katete. Anabwera ku Kabwata ali kamtsikana, bambo awo atapeza ntchito ya ukalaliki m'tauni. Kuno kuparishi tinkawadziwa m'kwaya, komanso pa benchi yakumanzere pa Misa ya m'mawa. Amuna awo atamwalira, analera okha ana awo, osadandaula.

Anagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ina, mu ofesi yopezera ophunzira malo m'makampani kuti akaphunzire ntchito asanamalize sukulu. Nthawi imeneyo kampani inkangoimba foni, ofesi n'kutumiza mwana.

Chaka china anatumiza mtsikana wina, dzina lake Mwango, kwa bwana wa kampani ina ku Kabulonga. Sipanapite nthawi, Mwango anabwera maso ali ofiira.

"Ba Perpetua, nifuna kuchokako kuja. Abwana bamanigwilagwila, elo bamakhoma chitseko."

Amayi Njobvu anaopa kuti kampaniyo isiya kutenga ophunzira. "Limba mtima chabe, mwana wanga," anatero. "Kwasala pang'ono."

Mwango anabwererako. Kenako anasowa m'kalasi, ndipo sukulu anaisiyira pomwepo.

Mawu aja anawavutitsa moyo wawo wonse. Anakalapa kwa ansembe, koma mtima sunakhale pansi. Ku Mphakati, tikakumana kupemphera m'dera mwathu, ankati: "Mwanayo anabwera kwa ine ngati kwa amake. Ine n'kumubwezera komweko."

Kuchokera apo anasintha kagwiridwe ka ntchito. Anaumirira akuluakulu awo mpaka anavomera malamulo atsopano. Kampani ikafuna wophunzira, iwo ankakwera minibasi kukaona malowo ndi maso awo, kaya ku Woodlands, kaya ku Chelstone. Ankafunsa kuti mwanayo azigwira ntchito yanji ndipo azimuyang'anira ndani. Bwana wongofuna womuphikira tiyi, kapena wofunsa chithunzi cha mtsikana asanamve za maphunziro ake, ankamukana. Wophunzira akadandaula, ankamuchotsa tsiku lomwelo n'kumupezera kwina.

Ambiri anawada nazo. Mabwana ena anakawaneneza kuti akutsekera ana mwayi, ndipo udindo umene Amayi Njobvu ankayembekezera unapita kwa wina. Iwo anangopitiriza kuyendera makampani.

Atapuma ntchito, anamva kuti Mwango amagulitsa anyezi ku msika wa Soweto. Anapita, n'kugwada pamatope anthu akuona.

"Ndinakulakwira, Mwango."

Mwango anawayang'ana. "Nyamukani, ba mayo, muzadetsa chitenje," anatero. "Namvela. Koma osanipempha kuti niibale."

Sanapemphe. Anapitiriza kukagula anyezi pomwepo mpaka miyendo itakana, ndipo sanatiuzepo kuti akhululukidwa.

Anadwala mwakachetechete kunyumba kwa mwana wawo Abson ku Chunga. Atalandira Mafuta Oyera, anapempha Abson kuti awatsegulire zenera, ayimbe nawo nyimbo ya Maria. Anatsirizika nyimboyo isanathe, nkhope ili phee.

Pamaliro panadzaza anyamata ndi atsikana amene ife sitinawadziwe, ena atavala masuti, ena mayunifolomu a kuntchito. Anali ana aja a ku yunivesite, ndipo ndiwo ananyamula bokosi.

Ambiri mwa ife timakhala ndi ana otere m'maofesi ndi m'mashopu mwathu. Ena sitidziwa n'komwe maina awo, ndipo sitinawafunsepo ngati adya, kapena ngati alipo amene akuwavutitsa. Lolemba m'mawa tidzawapeza pakhomo, akutidikira kuti titsegule.

Ambuye awapatse Amayi Perpetua mpumulo wosatha.