Muvi wa oyilo unandinamiza pa msewu wa ku Mwanza

Inu owerenga, ndinapusitsidwa ndi kamuvi kochepa ngati singano, ndipo amene anakaphunzitsa bodza ndi munthu amene ndinkakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Ndikulemba izi mtima ukuwawabe.

Zipani zitangoyamba kumene, golosale yanga pa Neno inkayenda bwino, moti ndinagula galimoto kwa mzungu wina amene ankachoka ku Blantyre. Kanali kagalimoto kakale kofiira, kothamanga, ka mipando iwiri yokha, kokwawa pansi. Anthu ankakatcha kachule. Pa misewu yathu ya miyala kanali kosayenera n'komwe, koma ine ndinkafuna kuti azindiona.

Vuto lake linali geji ya oyilo, kawotchi ka kutsogolo kwa dalaivala kokhala ndi muvi woonetsa ngati oyilo akuyenda mu injini. Ndikuyenda bwinobwino, muvi unkangogwa mwadzidzidzi. Ndinkaima, kutsegula boneti, kusolola kandodo koyezera oyilo, n'kupeza ali wodzaza. Nditatopa nazo ndinapita nayo galimotoyo ku Lisungwi kwa a Likongwe, makaniko amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Anandiuza kuti yafa ndi swichi ya oyilo, kachitsulo komangidwa pa injini kamene kamauza geji ngati oyilo akuyenda, ndipo anati akaipeza ku Ndirande. Patapita sabata anandibwezera galimoto. Muvi unkakhala pakati, osagwedera ngakhale pa mabampu. Ndinawatamanda pamaso pa anthu, ndipo kandodo kaja ndinasiya kukagwira.

Nthawi imeneyo msuweni wanga ankapikisana pa zisankho za chipani, ndipo anabwereka galimotoyo kuti akaonekere pa msonkhano ku Dambe. Anaibweza yotsukidwa bwino. Zoti anagunda mwala kunsi kwa injini, ndipo oyilo akudontha pang'onopang'ono, sananene.

M'mawa mwake mkazi wanga, amene anali ndi pathupi poyamba titadikira zaka zambiri, anayamba kumva kupweteka. Anamwino a pa Neno atamuyeza anati mwana wagona mopingasa, tithamangire ku chipatala chachikulu ku Mwanza. Ambulansi inali itatuluka ndi wodwala wina. Ndinati palibe vuto, yanga imathamanga kuposa ambulansi. Apongozi anga anatsala ataima ndi kamtolo kawo ka nsalu, chifukwa mpando wachitatu munalibe.

Titayenda ndithu, ndinayamba kumva kugogoda mu injini. Ndinayang'ana geji, muvi uli pakati. Kugogoda kunakula, ndinayang'ananso, uli pomwepo. Mkazi wanga anandigwira mkono n'kunena kuti, "Bambo, musaime chonde." Ndinaponda moto. Pa chitunda china injini inalira ngati chitini cha miyala, kenaka zii, yanoka, yaferatu. Utsi unkatuluka m'boneti, kandodo kouma gwa, koma muvi unali udakali pakati.

Inu owerenga, kumbuyo kwa mpando wanga kunali chigubu chodzaza ndi oyilo. Muviwo ukanangogwa monga unkachitira kale, ndikanaima, n'kuthira, ndipo tikanafika.

Msewu umenewo masiku amenewo galimoto zinali zowerengeka. Ndinathamangira ku nyumba zapafupi ndikukuwa. Amayi a m'mudzimo anabwera, anamutsitsa mkazi wanga, n'kumuzinga ndi zitenje pansi pa mtengo wa mango. Wamkulu wawo anandiuza kuti, "Inu bambo, pano si panu, kakhaleni uko." Ndinakakhala pa mwala patali, ndikumva kubuula kwa mkazi wanga, manja ali bii ndi girisi. Amayiwo anayesetsa, Mulungu awadalitse. Mwana anabadwa, wamwamuna, koma sanalire. Madzulo lole ya mbatatesi inatinyamula mpaka ku Mwanza, ndipo madokotala anapulumutsa moyo wa mkazi wanga, koma anatiuza kuti sadzaberekanso.

Galimoto nditaikokera ku Mwanza, makaniko wina anandionetsa zimene a Likongwe anachita. Swichi yakale inali pomwepo, ndi dzimbiri lake. Waya wake anaudula n'kuulumikiza kwina, kuti ukangopotokola kiyi muvi uzikwera wokha, kaya oyilo alimo kaya mulibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinapita ku Lisungwi kwa a Likongwe. Ndinawapeza akudya chimanga chootcha, ndipo sanaimirire n'komwe. Anati, "Achimwene, paja inu munkadandaula kuti muvi ukukusowetsani mtendere, eti? Ndiye ndinaukhazika. Swichi ya galimoto yachizungu ngati imeneyi ndikanaipeza kuti?" Msuweni wanga naye anangoti mwala sanaumve, kunali phokoso la anthu oimba. Onse awiri anabwera kudzapepesa mkazi wanga, n'kunena kuti zinali zolembedwa. Mawu amenewo ndimadana nawo. Amati tizikhululuka, ndipo ndayesa, koma a Likongwe akaima kutsogolo kuti apemphere, ine ndimatuluka.

Tsono inu amene muli ndi galimoto zakale, mverani. Geji yosakhazikika imatopetsa, koma ndi yabwino kuposa yongokhala phee. Mukaitenga kwa makaniko, muuzeni akupatseni m'manja chitsulo chimene wachotsa. Potokolani kiyi osaliza injini: muvi wa oyilo ukakwera injini ili chete, dziwani kuti wina wauseweretsa. Galimoto ikabwera kobwerekedwa, gwadani muone pansi, ngakhale wobwerekayo ndi m'bale wanu. Ndipo injini ikayamba kugogoda, khulupirirani makutu anu, imani, sololani kandodo. Ndi ntchito yaing'ono, yosachedwetsa ulendo.

Kwathu kuno mwana wobadwa wakufa amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira maliro, ndipo mwamuna safikako. Amayi a m'mudzi uja anamuika tsiku lomwelo, ife tili pa lole. Ndinabwererako kukawathokoza ndi shuga ndi sopo, ndipo ndinapempha kuti andilozere malowo ngakhale ndi chala chokha. Anandiyankha mwaulemu kuti zimenezo abambo safunsa. Ndikamadutsa pa chitunda chija pa minibasi ndimayang'ana mbali zonse ziwiri, chifukwa sindidziwa mbali imene mwana wanga anagona.