Singano ya m'ralli

Ndinabwera ku England mu 2004 kutsatira mkazi wanga, namwino pachipatala cha New Cross. Miyezi inayi ndinangokhala pakhomo. Sukulu ndinalekezera sitandade 8. Mkulu wina wa ku Chipata, amene tinkapemphera naye, anandiuza kuti pashopu ina ku Birmingham akufuna munthu wonyamula mabelo. Ndinapita. Bambo Soomro, mwini wake, anayang'ana manja anga n'kuti ndiyambe Lolemba.

Banjalo ndi la ku Sindh, ku Pakistan. Ankagulitsa zopangidwa pamanja za kwawo: nsalu zodinda zotchedwa ajrak, zipewa zosokerera timagalasi, ndi ralli, chofunda chosokedwa ndi zigamba. Mkazi wa abwana ankakhala patilu, polandira ndalama. Amayi awo a bwana, omwe onse ankawatcha Amma, ankakhala m'chipinda cham'mwamba. Maso awo anali atachita khungu. Sindinawaonepo akutsika.

Ine ndinkagwira m'chipinda chapansi. Belo umadula zingwe zokha, mpeni usaloze m'kati. Ajrak umaiyanika tsiku limodzi, n'kuisita kunsi kwake. Ralli umaiyala patebulo n'kuyendetsapo maginito, chifukwa osoka amaiwalamo masingano. "Kasitomala akabayidwa, dzina lathu latha," anatero abwana. Singano iliyonse ndinkaponya m'chitini cha mabisiketi. Munali masingano ambiri.

M'mawa wina wa Disembala, kunja kuli nkhungu, kunafika mabelo atatu. Katundu wochokera m'kontena amazizira ngati mwala. Pakati pa belo lachiwiri panali ralli yokulungidwa payokha m'nsalu yoyera. Inkanunkha utsi wa nkhuni. Nditaigwira, inali yofunda. Ndinagwira zina zija. Zozizira zonse.

Maginito anakakamira pakona. Singano yopindika, yadzimbiri, ulusi wofiira ukadali kumphuno. Mzere wa msoko unathera pomwepo. Ndinadula ulusi, singano ndinaponya m'chitini. Poti hita inali itafa, ralli ija ndinafunda paphewa n'kupitiriza ntchito.

Kenaka ndinamva masitepe akulira, pang'onopang'ono. Patebulo panali zipewa zambiri, ndipo m'kagalasi kalikonse ndinaona nkhope imodzimodzi kumbuyo kwanga. Amma. Abwana anali pambuyo pawo, atatuwa.

Amma sanafufuze. Anabwera molunjika, anandivula ralli ija, n'kuyendetsa chala mumsoko mpaka pothera. Anafunsa mawu amodzi m'chilankhulo chawo.

"Joseph, singano ili kuti?" anatero abwana motsitsa mawu.

Ndinaloza chitini.

Anandifotokozera mwachidule zimene Amma anali atangowauza. Mng'ono wawo wa Amma anamwalira kumudzi akusoka ralli imeneyo, ndi zigamba za zovala zake zomwe. Abale anaitumiza kuti mkulu wake aimalize ndi singano yomweyo, kuyambira pomwe dzanja linaimira. Kalata yonena zimenezi inali isanafike. Palibe amene anauza Amma kuti mabelo abwera.

Kwathu zovala za malemu sitikhudza zisanachapidwe, akulu asanalole. Ine ndinali nditazifunda m'mawa wonse.

"Ikapanda kupezeka, sindingathe kukusunga pano," anatero abwana. Ndinadziwa kuti sakundiopseza.

Ndinakhuthulira chitini patebulo. Masingano opindika analipo ambiri, adzimbiri ambirinso. Kaulusi kofiira kaja kanali katathothoka. Ndinasankha ina, ndinaisiya. Amma anakankha dzanja langa. Anayendetsa chikhatho pamwamba pa muluwo osakhudza, anaima, n'kutola imodzi. Anaiika pamlomo kwa kanthawi. Kenaka anatenga ralli n'kukwera.

Ngati inali singano yomweyo, sindikudziwa. Abwana sananenenso za kundichotsa. Masabata atatu ndinkasita ajrak pansi paja ndikumva Amma akuyankhula m'mwamba, n'kumadukiza ngati akudikira yankho. Ralli itatha, anasiya.

Ndinagwira pamenepo zaka zisanu. Singano yopanda ulusi ndinkaponya m'chitini. Ya ulusi ndinkaisiya momwe ilili, n'kukwera masitepe kukafunsa.