Chipewa cha bambo a Yamikani

Mwaswera bwanji nonse. Ine sindinaswere bwino.

Lero ana a sikauti a kusukulu kwa mwana wanga Yamikani anakwera phiri la Zomba kukaphunzira za nyenyezi ndi za sitima zakale za panyanja. Aphunzitsi anati amene ali ndi chinthu cha pasitima abwere nacho. Ndinamupatsa Yamikani chipewa choyera cha malemu bambo ake, chija ankavala pantchito ya pasitima. Dzulo lonse mwana anakhalira kuyeserera zokanena, mmene bambo ake ankadziwira njira pamadzi poyang'ana nyenyezi.

Tili pasiteji ku Chikamveka, anatulukira alamu anga a Fulaye, achimwene a malemu. Anamuvula mwana chipewa pamaso pa anzake. Akuti, "Mlamu, katundu wa malemu savalidwa tisanagawe. Mukufuna mwanayu adwale?" Ndinangowasiya apite nacho poti atchula mwambo.

Aphunzitsi andiuza kuti atafunsa amene ali ndi m'bale wa pasitima, Yamikani sanakweze mkono. Mwana woti amatchula bambo ake tsiku lililonse! Wafika, wangovula sikafu yake n'kukagona osadya.

Ndiye popita kuchigayo ndawapeza a Fulaye ali pabawo, chipewa chomwecho chili kumutu, atachipendeketsa. Akuti dzuwa limawaotcha.

Abale, ndiuzeni. Mwambo umenewu umadwalitsa mwana wa malemu yekha, achimwene awo ayi? Zina zonse mudzagawane, sindidzatsegula pakamwa. Koma Lolemba a sikauti akumananso, ndipo Yamikani apita atavala chipewa cha bambo ake. Achibweretsa okha, kapena ndikawavule pabawo pomwepo?