A Devshi ndi Mtedza Wowazidwa Madzi

Kuno ku tauni ya Keshod, munthu amene wakhalitsa pa makina oswera mtedza timamudziwa ndi zinthu ziwiri: khutu limodzi lofa ndi chifuwa chosatha. A Devshi Vadher anali nazo zonse, n'kuwonjezera chachitatu: ankayenda atapendekera kumanzere ngati wanyamula ndowa, ngakhale pamene manja ali lende. Analowa ntchito pa fakitale ya banja la a Mansukh chaka chimene chitsime cha m'munda wa bambo awo chinayamba kutulutsa madzi amchere. Ankati angogwirako nyengo imodzi, munda ukachira abwerere. Munda sunachire, ndipo nyengo imodzi ija inasanduka zaka makumi atatu ndi zinayi.

Luso lawo linali la madzi. Mtedza ukauma kwambiri makina amauthyola: njere imabenthuka pakati, kakhungu kofiira kamasupuka, pomwe wogula wa kunja safuna zibenthu, amafuna njere yathunthu. Choncho ntchito ikamatha masana, a Devshi ankayala mtedza wa mawa pansi, kutenga ndowa n'kumawaza madzi ndi dzanja monga amachitira wofesa mchewere, kenako kufunditsa muluwo ziguduli. Pofika m'mawa makoko amakhala atafewa, ndipo njere zimatuluka m'makina zosakandika n'komwe. Mafakitale onse m'tauni muno ankachita zimenezi, koma ena ankangokhuthula madzi ngati akuzimitsa moto. A Devshi ayi. Ankayamba atola mtedza umodzi, kuugwedeza pa khutu lamoyo lija, kuuswa, kuluma njere ndi mano akutsogolo, ndipo ankadziwa ngati muluwo ukufuna ndowa imodzi kapena ndowa ndi theka. Eni mafakitale ena anayesapo kuwanyengerera kuti asamukire kwawo, iwo n'kukana. Sanali munthu wolemera kapena wolankhula pa misonkhano. Chimene anali nacho padziko pano chinali malo amenewo, pakati pa mulu ndi makina.

Kenako kontena ya a Mansukh inabwezedwa padoko lina la ku Ulaya. Kalata inati mtedzawo anaupeza ndi poizoni wa chuku wopitirira muyeso, ndipo wogulayo anati zikachitikanso sadzagulanso. A Mansukh anakalipira aliyense: alimi, mvula yomwe inachedwa kusiya, eni sitima, ngakhale azungu omwe, amene ankati mimba zawo n'zamapepala. Atatopa kukalipa anaitanitsa mwana wawo wamkazi, Nirali, amene anaphunzira za zakudya ku koleji ya ku Anand, kuti abwere adzaone pamene pakudontha.

Nirali anakula akusewera pa matumba a fakitale yomweyo, ndipo a Devshi ankawatchula kuti kaka, monga amatchulira mng'ono wa bambo ake. Anayambira kuminda. Anauza alimi kuti asaunjike mtedza wauwisi, aziuumitsa pa malona osati pa dothi, ndipo wotoledwa pansi pambuyo pokolola auike padera. Anagula kachida koyezera chinyezi, kamene kanadanitsa fakitale ndi theka la alimi a m'boma lino. Mosungira katundu anaikitsa matabwa pansi kuti matumba asakhudze simenti. A Devshi ankavomereza zonsezi ndi mutu, pakuti alimi ena n'ngosasamaladi. Sanaganizepo kuti mtsikanayo, atazungulira konseko, adzaima pambali pa ndowa yawo.

Anaima tsiku lina masana, kuwayang'ana akuwaza, n'kufunsa ngati amachita zimenezo tsiku lililonse. Iwo anayankha monyadira kuti kuyambira iye asanabadwe. Nirali sanaseke. Anafotokoza mofatsa kuti madziwo sathera pa makoko, ena amalowa m'njere, ndipo njerezo zimasokeredwa m'thumba zisanaume, n'kukhala mwezi wathunthu m'kontena yotentha panyanja. Chuku sichifuna zambiri kuposa pamenepo.

"Kaka, ndowayi ipumule," anatero.

"Mwana wanga, agogo ako ndiwo anandipatsa ndowa imeneyi. Ukuti iwonso ankathira anthu poizoni?"

"Sankadziwa, kaka. Nthawi imeneyo panalibe woyeza."

A Devshi anamvera, poti mwana wa abwana ndi abwana. Mlungu umenewo anaswa mtedza wouma gwa. Anachepetsa liwiro la makina, anasintha sefa, anayesa zonse zimene ankadziwa, koma zibenthu zinkatuluka ndithu. Amayi osankha mtedza pa lamba woyenda wa makina, amene ntchito yawo ndi kuchotsa zobenthuka ndi zofota, anaona zakuda. Mkulu wawo, a Jivuben, ali ndi pakamwa posadziwa kutseka, ndipo pa nthawi ya tiyi sanawasiye.

"A Devshi, lero mwatitumizira mtedza kapena nsinjiro? Makina anuwo akutafuniratu, azunguwo azikangomeza."

Amayi onse anafa nacho chiseko. A Devshi anathira tiyi m'sosala, kumuuzira, n'kumwa. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa kwa zaka zonsezo amayi omwewo ankati tsiku la a Devshi manja amapuma.

Atatopa ndi manyazi anapita kwa a Mansukh kukapempha kuti nkhaniyi iyesedwe poyera. Atenge mtedza wa munda umodzi, augawe pawiri, theka awaze iwo, theka liswedwe louma monga afunira mtsikanayo. Matumba akhale mwezi m'kontena yakale ya kuseri kwa fakitale, padzuwa, ngati ali paulendo, kenako akayezedwe ku labotale ya ku Rajkot. Wawo ukapezeka wabwino, ndowa ibwerere. Nirali anavomera msanga, ndipo kuvomera kwakeko kunayenera kuwachenjeza, koma iwo mumtima ankangoti galu wamkota sakandira pachabe. Sanawazepo mosamala ngati tsiku limenelo. M'mawa mwake njere zinatsika pa lamba zofiira, zonenepa, zathunthu, mpaka a Jivuben anapinda manja n'kunena kuti awabweretsere mpando wa ndalema. Mulu wa Nirali unaoneka womvetsa chisoni pambali pake.

Mwezi utatha anatsegula matumba. Pamaso, yonse inali mitedza yabwinobwino. A Devshi analuma wawo, osamva kuwawa kulikonse, ndipo anapita kunyumba mtima uli m'malo.

Pepala la ku Rajkot linafika Lachinayi. Nirali sanaliwerenge pagulu. Anawapeza okha akupaka girizi, anakhala pa thumba, n'kuwauza kuti mulu wouma wadutsa, koma wowazidwa wapitirira muyeso kangapo. Iwo anapempha kuti abwereze, akuloza khutu lawo lakufa, ngakhale anali atamva bwino lomwe. Anafunsa kuti poizoni wake ndi wotani amene saoneka, sanunkha, sawawa. Nirali anati sagwetsa munthu tsiku lomwelo, amadya chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo ana amene amamudya kawirikawiri amapinimbira. A Devshi anapukuta manja pa kansanza kwa nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi. Ankawerengera nyengo za mtedza zimene anawaza, ndipo sankafika kumapeto. Chimene anamva sichinali mkwiyo, kunali kutopa kofika m'mafupa, ngati zaka zonse zija zawagwera pamsana nthawi imodzi.

Nkhani ikanathera pomwepo bwenzi tikuti nkhalamba yaphunzira, fakitale yakonzeka. Koma a Mansukh si munthu wotaya luso limene lili pakhomo pake. Inali nyengo yoyandikira chikondwerero cha makaiti, pamene ana a dziko lino amaswera pa madenga athyathyathya akuulutsa makaitiwo, uku akudya chiki, maswiti aja a mtedza wophikidwa m'shuga wa nzimbe. Ophika chiki nawonso amafuna njere yathunthu kuti malonda aoneke bwino, ndipo iwo alibe labotale. A Mansukh anaitana a Devshi mu ofesi, kuwaitanitsira tiyi, chinthu chimene sanachitepo, n'kuwauza kuti fakitale izikhala ndi mizere iwiri. Wa kunja ndi wa Nirali, uziswedwa wouma, ndipo aika munthu wina amene mtima sumupweteka akaona zibenthu. Wa kuno ndi wa a Devshi, aziwaza monga kale.

"Wa kuno sukwera sitima, a Devshi. Komanso ife tinakulira womwewu, ndani anafa?"

A Devshi anati sukwera sitima, inde, koma umagona miyezi m'mashopu a mumsika, ndipo odya ake ndi ana. Anati sangathe. Sanakweze mawu, sanalalikire, anangobwereza kuti sangathe. A Mansukh anati palibe chovuta, munthu wamkulu sakakamizidwa, kosoka matumba kukusowa munthu. Nirali anakangana ndi bambo ake masiku awiri, mpaka anthu ankamvera panja, koma anauzidwa kuti anamuitanira makontena, za msika wa kuno azisiye. Anabwerera kuminda ndi kachida kake, nkhope itagwa.

Umu ndi mmene a Devshi anachokera pa makina. Anawapatsa kampando pafupi ndi chitseko chachikulu, singano yaikulu ndi mpukutu wa ulusi. Amayi a pa lamba anasiya kuwaseka, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa chiseko chija. Ntchito yowaza inapatsidwa kwa Bhikhu, bambo wamphamvu zake amene kale ankakweza matumba m'malole. Bhikhu analibe nazo ntchito za ndowa. Anakoka paipi yotsukira pabwalo, kutseka kukamwa kwa paipiyo ndi chala chachikulu, n'kumathirira mulu ngati dimba la mabiringanya, uku akulankhula pa foni. Madzi ankayenderera pansi mpaka kufika pa mapazi a a Devshi.

Tsiku loyamba a Devshi anayang'ana kumbali. Lachiwiri anamuuza kuti achepetse, Bhikhu n'kuyankha kuti abwana akufuna njere yathunthu, ndiponso mtedza wonyowa umalemera bwino pa sikelo. Lachitatu anatola njere pa thumba limene ankasoka, kuiluma, ndipo inali yofewa ngati yophika. Thumba limenelo linali kupita kwa wophika chiki wa pafupi ndi sukulu ya pulaimale, ndipo analisoka ndi manja awo. 

Tsiku lachinayi masana, Bhikhu akukoka paipi yake, a Devshi anabaya singano pa thumba n'kudzuka. Anapita pa mpope, kutseka madzi, n'kutulutsa ndowa kuseri kwa makina kumene inali itavundikiridwa.

"Choka apo, Bhikhu. Ukuwononga."

"Nanga si munakana, kaka?"

"Ndinakana. Choka."

Anatola mtedza umodzi, kuugwedeza pa khutu, kuluma njere. Mulu umenewo kale akanaupatsa ndowa ndi theka. Anatunga theka la ndowa basi, podziwa kuti ngakhale thekalo ndi lambiri, ndiponso kuti akapanda kuwaza iwo, mawa paipi ibwerera. A Mansukh anaonekera pa zenera la ofesi, akumwetulira, n'kukuwa kuti ankadziwa kuti mkuluyu sangakhalitse pa singano. Amayi ena a pa lamba anaomba m'manja. A Devshi sanatembenuke. Malo awo anali atabwerera, pakati pa mulu ndi makina, ndipo anayamba kuwaza kuchokera kumapeto, pang'onopang'ono, mtedza wodzadya ana a m'tauni mwawo.