Thupi la a Brendan silinatenthe

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin anandipezera ndi mayi wina wa ku Zomba amene tinkapemphera naye ku Rathmines. Titatuluka Misa anandikokera pambali: "Achemwali, kuchipatala, ku wodi ya chiwindi, akufuna ma care assistant, othandiza kusamalira odwala. Tumizani CV lero lomwe, musachite tulo."

Odwala a m'wodimo ziwindi zawo zinali zitauma, ndipo ambiri ankadikira kuikidwa chiwindi cha munthu wina. Ine ndinkawasambitsa, kuwakweza pasikelo m'mawa uliwonse, kuwayeza BP ndi kutentha kwa thupi, n'kulemba patchati kuchuluka kwa mkodzo. Sisitala wamkulu wa anamwino sankatopa kutikumbutsa kuti bakiteriya akalowa mwa wodwala, opaleshoni imaima mpaka atachira.

A Brendan, amene kale ankayendetsa basi ya ku Lucan, anali atadikira pafupifupi chaka. Mimba yawo inali yotupa ndi madzi, koma nthabwala sizinkawathera. Ndinkawakonda ngati bambo anga.

Lachiwiri lina m'mawa anandiitana ndi dzina la mwana wawo, n'kundifunsa ngati basi yanyamuka. Ndinawayeza, thupi silinatenthe. Kwathu matenda timawadziwira pa kutentha kwa thupi. Komanso ndinaleredwa kuti munthu wamkulu akasokoneza mawu umangomuvomereza, suthamangira kukamuneneza kwa anthu. Ndinati, "Yanyamuka, bambo," n'kuwafunditsa bulangete. Sindinauze aliyense.

M'mawa mwake BP inatsika. Dokotala anawabaya singano pamimba kuti atenge madzi aja akawayeze, ndipo anapezamo bakiteriya. Anawaika dripu ya mankhwala. Lachinayi kunabwera uthenga woti chiwindi chowayenera chapezeka. Chinapita kwa wina.

Ndinakaulula kwa sisitala misozi ili mbwembwembwe. Anandikhazika pansi, osakalipa. "Odwala chiwindi kawirikawiri satentha thupi, Tadala. Kusokonezeka mutu ndiko kumatichenjeza. Sindinganene kuti tsiku limodzi likanasintha zinthu. Koma sindinganenenso kuti ayi."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Kuyambira pamenepo, ndikaona kachilendo kalikonse pa wodwala ndimakanena nthawi yomweyo, ngakhale kakhale kochititsa manyazi munthu wa imvi. Ulemu wanga wokhala chete uja sunawathandize.

A Brendan anachira matenda a bakiteriya aja, dzina lawo linabwerera pamndandanda wa odikira. Pamene ndinkasiya ntchito chaka chotsatira kuti ndimalize sukulu, ndinapita kukawatsanzika. Anali akudikirabe.