Mapaundi Asanu a Esnat Kachingwe

A Esnat Kachingwe ndinawadziwira pa lesitilanti ina ya ku Ilford, ku London, mu 2006, ndipo ndinene poyera, miyezi itatu yoyamba sindinkafuna n'kuwaona komwe. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, kwawo ku Ntcheu. Anaphika zaka khumi ndi ziwiri pa sukulu yogonera konko asanatsatire mng'ono wawo, namwino wa ku Edmonton, ku London komweko. Ine ndine Etta, ndipo tinkaperekera limodzi zakudya m'matebulo.

Mwini malowo tinkamutcha Chidazi, iye osadziwa. Kasitomala akalipira pa khadi n'kuwonjezapo tipi, kandalama kothokozera womutumikira, Chidazi ankaiphatikiza m'malipiro athu ngati yachokera m'thumba mwake. Ndinapita mpaka ku ofesi ya uphungu nditalusa, koma anandiuza kuti lamulo silikuletsa zimenezo. Ndiye chathu chenicheni chinali cha pamanja basi. Akakupatsira, umalowetsa m'thumba la epuloni, pakamwa n'kutseka.

Sabata yawo yoyamba, mdala wina wachizungu anapatsa a Esnat mapaundi asanu. Analandira ndi manja awiri, kabondo pang'ono, kenako ulendo wa kwa Chidazi, ndalama ili poyera. Ine ndikuona ndi maso angawa! Chidazi anayang'ana ndalama, anayang'ana mayiwo, n'kuiponya m'kabati. Mawa lake chimodzimodzi. Lolemba lotsatira tinapeza chibotolo pa kauntala, ati tipi iliyonse izilowa m'menemo, theka lathu, theka lolipirira mbale zosweka. Mbale zake ziti? Chaka chonse inasweka imodzi, anaswanso yekha.

Ndinawatcha kazitape pamaso pa anzathu onse, ndipo dzinalo linawakanirira. Nthawi yopuma ankadya okha, atakhala pa kreti kuseri kwa khitchini. Nkhani inafika mpaka kutchalitchi ku Edmonton, woifikitsa wake ndine ndemwe. Amayi a Mvano anayamba kutsitsa mawu iwo akalowa. Munthu anabwera kuno ndi sutikesi imodzi ndi mbiri yabwino, ine n'kumulanda mbiriyo.

Tsiku lina masana tinakumana pokwerera basi, tili awiriwiri, kothawira kulibe.

"Etta mwana wanga, ndinakulakwira chiyani?" anandifunsa.

"Mukufunsanso? Munatigulitsa kwa Chidazi inu."

"Kugulitsa? Ine ndimakaonetsa. Iwe kwanu mlendo akakupatsa kanthu unkabisa? Umakaonetsa kwa eni nyumba, iwo akathokoze mlendoyo, kenako akubwezere. Mpaka lero ndikudikira kuti bamboyu akathokoze, ngakhale kamodzi kokha."

Manyazi anandigwira koopsa. Mwambo womwewo ndinakulira nawo ku Zomba, koma zaka zisanu za ku London zinali zitandiiwalitsa. Ndinawauza kuti kuno bwana si kholo, ndipo za dzina loipa lija zafika kale kutchalitchi. Basi itabwera anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Kupepesa kunandikanika, makani ndinabadwa nawo.

Lamlungu masana, malo atadzaza, mdala uja anabweranso n'kuwapatsa mapaundi asanu ena. Anapita kwa Chidazi monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno anagwada mawondo onse awiri pansi, pakati pa matebulo, ndalama ataigwiritsa. Analankhula mokweza m'Chingerezi chawo cha ku pulayimale.

"Bwana, bambo awo andipatsa izi. Pitani mukawathokoze, mukatero mundisiyire. Kwathu timatero."

Mafoloko anaima. Chidazi anawanong'oneza kuti adzuke, iwo osasuntha. Mdala uja anaimirira n'kufunsa kumene ndalama zake zina zija zinkapita, ndipo mayi wina wa tebulo la pawindo anafunsanso zomwezo. Dazi lonse thukuta kamukamu. Chidazi anapitadi kukathokoza, akuseka chiseko chosachokera mumtima, ndipo pofika Lolemba botolo linali litasowa pa kauntala.

Patatha masabata awiri Chidazi anawauza kuti ntchito yachepa, sabatayo ikatha asabwerenso. Iwo ankadziwa kuti zidzatha choncho asanagwade n'komwe. Pano akusamalira okalamba ku Edmonton, ndipo ku Mvano ndi amene amayambitsa nyimbo. Chaka chino cha 2009 lamulo lasintha, tipi siingakwaniritsirenso malipiro ochepetsetsa a munthu, koma iwo nkhaniyo sawerengera.

Tsiku lawo lomaliza tinasonkha matipi a sabata yonse mu envulopu, tonse asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo atsikana awiri a ku Poland. Wopereka ndinali ine. Analandira ndi manja awiri, n'kutembenukira ku ofesi ya Chidazi mwachizolowezi. Atayenda mapazi awiri anaima, n'kubwerera kwa ine amene ndinawatcha kazitape. Anatsegula envulopu ija n'kundiikira m'manja.

"Etta, taona zimene andipatsa anzangawa. Uwathokoze."

Ndinawomba m'manja kwa aliyense, mmodzimmodzi, misozi ili chuchuchu, a ku Poland aja akungodabwa. Nditamaliza ndinagwada, n'kuwabwezera envulopu yawo.